Mafunso a Awerengi: Dimba la Pakhomo la M'zigubu, M'matumba ndi M'matayala

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno ndi ochokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi, ya kulima ndiwo ndi maluwa pakhomo pamene malo ndi ochepa, pogwiritsa ntchito ziwiya ndi zinthu zina zimene zinatha ntchito. Tasankhapo makalata asanu amene mafunso ake akuimira ena onse. Tawafupikitsa pang'ono, ndipo monga mwa chizolowezi chathu, mayina a olemba sitinawatchule.

Funso: Zikomo alangizi. Achimwene anga amene amakonza magalimoto anandipatsa matayala akale, ndipo ndasonkhanitsanso zigubu za mafuta ophikira, zitini za penti ndi chigubu china chimene ndinachitenga kumudzi, momwe munali mankhwala opopera fodya. Ndikufuna kubzalamo masamba ndi maluwa kuseri kwa nyumba, koma mnzanga wa kumpingo wandiopseza kuti ndiwo za m'tayala zili ndi poizoni. Kodi zimenezi n'zoona? *Mayi wa ku Area 25*

Yankho: Mayi, musanayang'ane kukongola kapena kukula kwa chiwiya chilichonse, muziyamba mwafunsa kuti munali chiyani mmenemo. Mukafunsa funso limeneli, muona kuti choopsa kwambiri pa katundu wanuyo si tayala ayi, koma chigubu cha mankhwala chija. Pulasitiki imamwa ena mwa mankhwala amene asungidwamo, ndipo ngakhale mutatsuka kangati simungatsimikize kuti atheramo. Musabzalemo ndiwo, musabzalemonso maluwa, chifukwa chigubu chotere chikakhala pakhomo, tsiku lina mwana adzatungira madzi akumwa. Chibooleni pansi ndi m'mbali kuti wina asachitolenso, musachiwotche, ndipo mufunse alangizi a zaulimi kapena amene amagulitsa mankhwalawo za kotayira koyenera.

Zitini za penti nazo ndimazikayikira. Penti ina ya mafuta, makamaka yakale, imakhala ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'thupi mwa mwana umasokoneza kakulidwe ka ubongo mwana osaonetsa n'komwe kuti akudwala. Ngati munali penti ya madzi ndipo mwazipala bwinobwino, mukhoza kubzalamo maluwa okha. Zikhokhombe za mabatire a galimoto, migolo ya oyilo ndi malata akale a asibesitosi musaziyandikize n'komwe ku dimba, ndipo malata amenewa musawadule kapena kuwaboola, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Chuma chanu chenicheni ndi zigubu za mafuta ophikira zija za malita 20. Zinapangidwira chakudya, n'zolimba, zili ndi chogwirira, ndipo zimapirira dzuwa kwa nthawi yaitali. Zitsukeni ndi madzi otentha, sopo ndi phulusa mpaka mafuta atheretu. Chimene mukufuna kubzalamo mpiru, repu, letesi kapena bonongwe muchigoneke cham'mbali n'kudula mbali imodzi yaikulu kuti chikhale chotambalala, popeza mizu ya ndiwo zimenezi imakhutira ndi dothi lakuya masentimita 15 mpaka 20. Cha tomato, mabiringano kapena tsabola muchiimike n'kudula kumutu kokha, ndipo muikemo mbande imodzi basi, ngakhale maso atakuuzani kuti malo alipo a zitatu. Kenaka tenthetsani msomali pa mbaula n'kuboola mabowo asanu ndi atatu kapena khumi pansi pake. Mbewu zambiri za m'zigubu zimafa ndi madzi osowa potulukira, osati ndi ludzu, ndipo mwiniwake akaona masamba akuchita chikasu amawonjezeranso madzi ena. Anthu ambiri amayala miyala yambiri pansi pa chigubu poganiza kuti madzi azitsika msanga, koma madzi amayamba akhazikika m'dothi la pamwamba pa miyalayo mpaka litakhuta, motero miyala imangolanda malo a mizu. Kachidutswa ka thumba koyala pansi, kapena phale lovundikira pa bowo lalikulu, n'zokwanira kuteteza dothi kuti lisamatuluke.

Tsopano za matayala. Mnzanuyo sananame kotheratu, koma nkhaniyo waikulitsa. Mphira wa tayala umasakanizidwa ndi zinki ndi mankhwala ena, ndipo zimenezi zimatuluka pang'onopang'ono tayala likamafumbutuka ndi dzuwa ndi mvula, makamaka likadulidwa tizidutswatizidutswa kapena likawotchedwa. Tayala lathunthu silitulutsa zambiri pa nyengo imodzi. Komabe, popeza zigubu zabwino muli nazo kale, sindikuona chifukwa choikira chakudya cha ana anu mmene muli chikayiko, ngakhale chochepa. Matayala apatseni maluwa, ndipo mbewu zimene timadya mizu yake, monga kaloti ndi mbatata, musazibzalemo konse.

Mavuto a tayala amene mungawaone ndi maso ndi kutentha ndi udzudzu. Tsiku lina la mu Okutobala, cha m'ma 12 koloko masana, kagwireni tayala limene lakhala padzuwa, ndipo mudzachotsa dzanja mofulumira, pamene mizu imene ili m'mphepete mwake ilibe kothawira. Lipakeni laimu kapena penti ya madzi yowala kuti lisamakoke dzuwa kwambiri, ndipo apa ndi pamene mungaonetse luso lanu pojambulapo mizere ndi timaluwa. Mkombero wam'kati wa tayala umasunganso madzi a mvula, ndipo nyengo yotentha dzira la udzudzu limafika pokhala udzudzu wouluka pasanathe milungu iwiri. Dulani mbali ya pamwamba ya tayalalo ndi mpeni wakuthwa woviika m'madzi a sopo, boolani mbali ya pansi, n'kudzaza dothi mpaka m'makona onse. Matayala otsala amene simunabzalemo muwasunge pansi pa denga.

Ndisanamalize, ndikuchenjezeni za dothi, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera atatha kukongoletsa ziwiya zawo. Katondo wofiira wa m'madera ambiri a Lilongwe ndi wabwino m'munda, koma mukamuthira yekha m'chigubu n'kumathirira tsiku ndi tsiku amauma gwa ngati njerwa. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi la pamwamba, ndowa imodzi ya manyowa owolerana ndi ndowa imodzi ya mchenga wa kumtsinje kapena makoko a mtedza ophwanyaphwanya, amene kuno kwathu sasowa ikafika nyengo yokolola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, choncho muziyambe mwaziunjika kuti ziwole kwa miyezi iwiri kapena itatu. Agogo athu ankabzala maungu ndi bonongwe padzala, ndipo zinkachita bwino chifukwa dzala lakumudzi linali la phulusa, gaga ndi zinyalala za posesa. Dzala la m'tauni lili ndi mabatire a tochi, matewera otaya ndi mapulasitiki owotchedwa, ndipo dothi lake ngakhale litada bwanji musalitapire m'chigubu cha ndiwo.

Funso: Alangizi, tiweruzeni. Akazi anga adzaza khomo lonse ndi maluwa, ena m'mabeseni obooka, ena m'mapoto akale, ena mpaka mu wilibala yanga imene inathyoka gudumu. Ine ndikuti ndiwo zakwera mtengo, malo onsewo tibzalepo masamba, chifukwa maluwa sadyedwa. Wolakwa ndani? *Bambo wa ku Kawale*

Yankho: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo aliyense amene amagula ndiwo pa msika wa Lizulu kapena wa Wakawaka akudziwa kuti ndalama ya masamba a tsiku ndi tsiku ikaphatikizidwa pa mwezi si yochepa. Koma mlandu mmene mwaubweretseramu, woti pakhale maluwa kapena ndiwo, sindingauweruze mokukomerani, chifukwa dimba la ndiwo lopanda maluwa limabereka moperewera.

Tengani chitsanzo cha dzungu. Mmera umodzi umatulutsa maluwa amitundu iwiri, aamuna amene ali ndi kaphesi kowonda ndi aakazi amene pansi pake pali kadzungu kakang'ono. Maluwawa amatseguka mmamawa n'kufota dzuwa likakwera, ndipo ngati pa maola ochepawo njuchi sinanyamule mungu kuchoka pa lalimuna kupita pa lalikazi, kadzunguko kamachita chikasu n'kuthothoka. Nkhaka ndi mavwende zilinso chimodzimodzi, ndipo magalagadeya nawo amabereka bwino pamene pali tizilombo tonyamula mungu. M'tauni, mmene mabwalo ambiri anawakidwa simenti, njuchi zimazolowera khomo limene zimapezapo chakudya miyezi yonse, ndipo khomo lotero ndi la mayi a kunyumba kwanuwo. Maluwa ang'onoang'ono amaitananso tizilombo tothandiza, monga tija tofiira tamadontho akuda ndi timavu ting'onoting'ono, timene timadya nsabwe za m'masamba ndi mbozi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti pa mpiru wanu muzisiyako mitengo iwiri kapena itatu kuti ichite maluwa, ndipo pamapeto pake mudzapezanso mbewu ya chaka chamawa.

Komanso mawu akuti maluwa sadyedwa ndi oona pang'ono chabe. Chiluwe, maluwa aamuna a maungu, ndi ndiwo yodziwika bwino kwa amene anakulira kumudzi. Chidede chili ndi tsinde lofiira ndi duwa lokongola, masamba ake ndi ndiwo, ndipo zikhokho zake zofiira zimapanga chakumwa chowawasa bwino. Duwa la therere lobala ndi lachikasu lokhala ndi diso lofiirira pakati, ndipo ndi lapachibale ndi hibiscus amene anthu amagula kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu. Luni akakula amatulutsa ngala za maluwa oyera, bonongwe wofiira amaoneka patali, mpendadzuwa amapatsa njere, ndipo duwa lotchedwa nasturtium limadyedwa masamba ndi maluwa omwe. Ndiwo zachikudazi zimene ena amazinyoza kuti ndi zomera zokha zili ndi ayironi ndi mavitamini ambiri, ndipo ntchito ya zaulimi yotchedwa Never Ending Food ku Chitedze yakhala ikulimbikitsa anthu kwa zaka zambiri kuti azibwezere pamakomo pawo. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa, khomo laling'ono likhoza kukupatsani atatu, zamasamba, zipatso ndi zanyemba, osachotsapo duwa ndi limodzi lomwe.

Ndiye m'malo mozula, sanjani. Kumpanda kwezani zoyanga, monga magalagadeya ndi nyemba zokwera, pa nsungwi kapena pa waya wa bedi lakale. Patsogolo pake pakhale zigubu za tomato ndi therere, kenaka mabeseni a masamba, ndipo m'mphepete mwa njira mukhale maluwa afupiafupi. Wilibala ija ndi yosaya, choncho ikhoza kunyamula letesi ndi anyezi pakati, maluwa olendewera m'mbali. Pa za duwa lotchedwa marigold, amene ambiri amamutama kuti amathamangitsa tizilombo tonse, ndinene mosabisa kuti mphamvu yake yodziwika bwino ndi yochepetsa tizilombo ta m'nthaka timene timatupitsa mizu ya tomato, ndipo izi zimatheka mukamubzala mothinana kwa miyezi iwiri kapena itatu pamalo pamene mudzabzale tomatoyo. Kamtengo kamodzi pakona sikangateteze dimba lonse.

Pali zinthu ziwiri zimene mayi ayenera kuvomera nawonso. Choyamba, maluwa ena ndi oopsa, ndipo sayenera kusakanikirana ndi ndiwo kapena kukhala posewerera ana. Oleander ali ndi poizoni kuyambira masamba mpaka mizu, utomoni wa nkhadze umawononga maso, ndipo njere za nsatsi zikhoza kupha mwana akazitafuna. Chachiwiri, mankhwala amene agulidwira maluwa asapoperedwe pafupi ndi masamba amene muthyole mawa lake. Kupatula apo, asiyeni mayi akongoletse khomo lawo. Munthu amene amasamala duwa losadyedwa mpaka likule ali kale ndi dzanja limene dimba la ndiwo likufuna, ndipo kukongola kwa pakhomo pamene banja limakhala tsiku lililonse ndi phindu palokha, ngakhale silipita mumphika.

Funso: Ndine mnyamata wapantchito, ndikuchita lendi, ndipo bwalo lonse ndi la simenti. Alandilodi anakaniza kukumba paliponse. Ndinaona pa Facebook zithunzi za masamba obzalidwa m'mabotolo opachika pakhoma ndi m'matumba. Ndiyambe ndi ziti, poganiziranso kuti tsiku lina ndidzasamuka? *Wowerenga wa ku Chinsapo*

Yankho: Achimwene, yambani ndi kuyang'ana dzuwa musanagule kapena kudula chilichonse. Masamba amafuna dzuwa la maola anayi mpaka asanu ndi limodzi pa tsiku, ndipo zobala zipatso monga tomato zimafuna loposerapo. Kumbukiraninso kuti ife tili kummwera kwa ikweta, motero m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo khoma loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse pa nthawi yeniyeni imene repu ndi mpiru zimachita bwino.

Mabotolo opachika amakongola pa chithunzi, koma botolo la malita awiri limanyamula dothi lochepa kwambiri, moti mu Okutobala limafuna kuthirira kawiri pa tsiku, ndipo munthu wochoka mmawa n'kubwera madzulo adzapeza zonse zitafota. Amayenera anyezi wamasamba, letesi ndi masitiroberi nyengo yozizira, komanso timaluwa topirira dzuwa monga portulaca. Musakhomenso misomali pakhoma la eni ake kapena kulola madzi kuyenderera pa pulasitala, koma imikani chimango cha nsungwi chotalikirana pang'ono ndi khomalo n'kupachikapo. Majumbo opyapyala musawagwiritse ntchito ngakhale pofesera mbande, chifukwa amafumbutukira m'dothi osawola. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikroni 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019.

Chimene chingakupatseni ndiwo zenizeni ndi thumba. Tengani thumba lolimba la makilogalamu 50, la chimanga kapena la ufa, ndipo ngati munali feteleza mulichape kaye. Pindani milomo yake mpaka pansi, thiranimo dothi losakaniza monga ndafotokozera mayi a ku Area 25, lokwana chikhato chimodzi kuya kwake. Pakati imikani chitini chachikulu chochotsedwa pansi ndi pamwamba pomwe, chidzazeni timiyala, thirani dothi mozungulira, kenaka kokerani chitinicho m'mwamba n'kubwerezanso, mukufunyulula thumbalo pang'onopang'ono mpaka lidzaze. Mukatero mwasiya mzati wa timiyala pakati pa thumba kuyambira pansi mpaka pamwamba. Miyala imeneyi ntchito yake ndi yosiyana ndi ija ndaletsa pansi pa chigubu, pakuti iyi ndi njira yotsitsira madzi kuti afike ku mizu ya m'munsi, imene ikanauma mukanangothirira pamwamba pa dothi. Thirirani bwino n'kudikira masiku angapo kuti dothi likhazikike. Kenaka ng'ambani timabowo m'mbali ndi mpeni, totalikirana masentimita 15 mpaka 20, tosayang'anizana mzere ndi mzere, n'kulowetsamo mbande za repu, mpiru, chayinizi kapena mphukira za kholowa, mukukanikiza dothi ndi chala kuti mizu igwire. Masiku awiri oyambirira mbandezo zimazolika ngati zafa, koma posakhalitsa zimadzutsa mitu n'kupindikira m'mwamba. Thumba limodzi limanyamula mbande 15 mpaka 20, ndipo pamwamba pake pamatsalabe malo a anyezi ndi maluwa awiri kapena atatu. Pothyola muzichotsa masamba a m'munsi okha kuti mmera upitirire kuphuka.

Thumbalo muliike pa njerwa kuti madzi asadetse simenti ya alandilodi, ndipo mudziwe kuti dzuwa limalidya, moti likatha chaka limayamba kung'ambika pokhapokha mutalivekanso lina pamwamba. Likadzaza ndiponso likanyowa silinyamulika. Choncho m'matumba muzibzala za miyezi itatu kapena inayi, pamene zokhalitsa, monga kambuzi, lemon grass ndi maluwa amene mumawakonda, zikhale m'zigubu ndi m'ndowa zokhala ndi zogwirira. Tsiku losamuka mudzakhuthulira dothi la m'matumba m'matumba ang'onoang'ono n'kupita nalo, chifukwa dothi lokonzedwa bwino ndilo lovuta kupeza kuposa thumba.

Funso: Mwana wanga, ine ndine wopuma pantchito ndipo dimba langa la m'mabeseni limanditsitsimula, koma bilu ya madzi yandikulira. Kodi ndingathirire ndi madzi otsukira mbale, ochapira ndi osamba? *Agogo a ku Chilinde*

Yankho: Agogo, funso lanu ndi la mzinda wonse. Mvula kuno imaleka cha mu Epulo n'kudzayambanso mu Novembala kapena Disembala, ndipo miyezi yonse ya pakatiyo madzi a m'mipopi yathu amachokera mu mtsinje wa Lilongwe ndi m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Kuthira madzi oyeretsedwa kuti amwedwe pa beseni lililonse la maluwa n'kuwononga ndalama zanu ndi madzi a anzanu.

Madzi otsukira mpunga, masamba ndi mbatata ndi abwino kwambiri, ndipo mukhoza kuthirira chilichonse. Madzi osamba ndi otsukuluzira zovala komaliza amayenera maluwa, nthochi, mapapaya ndi mbewu zimene zipatso zake zili m'mwamba, malinga muwathire pa dothi osati pa masamba, ndipo muwagwiritse ntchito tsiku lomwelo asanayambe kununkha. Musathirire nawo letesi kapena china chilichonse chodyedwa chosaphika. Madzi ochapira matewera kapena zovala za wodwala m'mimba apite kuchimbudzi basi. Sitinaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Madzi a Jik amapha mizu, a mafuta ambiri otsukira mapoto amatseka dothi, ndipo sopo waufa ali ndi mchere umene umaunjikana msanga m'beseni kusiyana ndi pansi. Mukaona zoyera pamwamba pa dothi kapena nsonga za masamba zikupsa, thirani madzi abwino ambiri mpaka atulukire pansi, ndipo muzichita zimenezi kamodzi pa mlungu ngati mukuthirira madzi a sopo.

Koma madzi ambiri amapulumuka ndi kuphimbira. Yalani udzu wouma, masamba ogwa kapena makoko a mtedza pamwamba pa dothi, zala zitatu kuchindikala kwake, osagunditsa tsinde. Sunthani mabeseni akhale pamodzi kuti azitchingirana mphepo ya mwera ndi dzuwa la masana. Musanathirire, pisani chala m'dothi, ndipo mukamva chinyezi dikirani mawa. Ngati muli ndi mtsuko wadothi wosapakidwa utoto, ukwirireni mpaka m'khosi pakati pa beseni lalikulu kapena pa bedi, muudzaze madzi n'kuvundikira, ndipo udzatulutsa chinyezi pang'onopang'ono molingana ndi kuuma kwa dothi lozungulira. Botolo loboola timabowo ting'onoting'ono limagwiranso ntchito yofananako.

Mvula ikayamba, denga lanu likuthandizeni. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi, motero denga la mamita 6 kwa mamita 5 limagwetsa malita pafupifupi 600 pa mvula ya mamilimita 20, omwe ndi migolo itatu ya malita 200. Madzi a mvula yoyamba muwasiye atsuke fumbi la padenga, ndipo mgolo uliwonse ukhale wovundikira chifukwa cha udzudzu ndi adzukulu aang'ono. Sankhaninso mbewu motsata nyengo. Repu, mpiru, chayinizi ndi letesi zimakondwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, ndipo kukatentha zimamwa madzi ambiri n'kugwidwa nsabwe, pamene bonongwe, luni, chitambe, kholowa ndi therere zimapirira. Tomato wa nthawi ya dzinja mumukokere pansi pa khonde pamene pamafika dzuwa koma osati mvula, popeza masamba ake akamakhala onyowa amagwidwa chiwawu.

Funso: Nkhuku za aneba zikutha mpiru wanga, ndipo umene watsala wadzaza nsabwe. Mapaleti amene ndinapangira mabokosi nawo akudyedwa ndi chiswe. Ndaganiza zotchinga dimba ndi neti ya udzudzu. *Mayi wa ku Area 36*

Yankho: Mayi, neti imene wina akugonamo, kapena yatsopano imene munalandira kuchipatala, isatuluke kuchipinda, chifukwa mpiru sungafanane ndi mwana wodwala malungo. Nkhuku zitchingireni ndi kampanda ka bango, nsungwi kapena mapesi, kapena kwezani mabeseni pa thandala lofika m'chiuno, ndipo aneba muwauze mwaulemu nkhani isanakule. Mabokosi a matabwa asagunde pansi. Aikeni pa njerwa, wazani phulusa mozungulira, ndipo mlungu uliwonse muzisuzumira kunsi n'kuphwanya tinjira tadothi timene chiswe chimamanga pokwera.

Nsabwe zimabisala kuseri kwa masamba ndi pa nsonga zanthete, ndipo zimachuluka pa mbewu yofooka ndi ludzu kapena yothiridwa feteleza wambiri. Masamba amene adzaza kwambiri athyoleni n'kuwakwirira. Otsalawo atsukeni ndi madzi, kenaka sungunulani kachidutswa ka sopo wamtanda wopanda mafungo, kofanana ndi chala chachikulu, mu malita asanu a madzi, n'kuwaza kuseri kwa masamba madzulo dzuwa litapepa. Yesani kaye pa mmera umodzi kuti muone ngati sakuwotcha, ndipo mubwereze pakatha masiku anayi kapena asanu chifukwa sopo amapha zokhazo zimene wazikhudza. Masamba a nimu osinja n'kuviika m'madzi usiku wonse amathandizanso, koma mudikire masiku angapo musanathyole ndiwo, ndipo muzitsuke bwino musanaphike. Mpiru umenewu ukatha, musabwezeremo mpiru, repu kapena kabichi m'mabokosi omwewo, popeza zonsezi ndi zapachibale ndipo zimagwidwa ndi nsabwe zofanana. Onjezerani manyowa n'kubzalamo nyemba, anyezi kapena bonongwe kwa nyengo imodzi.